Asungichuma akuthawa app, kapena log yathu ikunama?

Lachiwiri

Dalitso: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo. Tili ndi app yolembera ndalama za magulu a village banking ndi chilimba, ndipo amene amaigwiritsa ntchito kwambiri ndi asungichuma a ku Kanyama, Chawama ndi Matero mu Lusaka. Membala akatumiza share yake pa mobile money, msungichuma amatsegula app, amasankha dzina la membala, amalemba ndalama, amalemba nambala ya transaction, kenako amadina "Sunga". Masitepe anayi basi. Ndatenga log ya mwezi wathunthu, ndandanda wa zonse zimene anthu achita mu app, ndajambula funnel mu pulogalamu ya Metabase, chithunzi choonetsa kuti ndi angati akudutsa sitepe iliyonse. Masitepe awiri oyamba anthu akudutsa bwinobwino, koma pa nambala ya transaction chithunzi chikuphwa, pafupifupi theka sakufika pa Sunga. Abwana akuti batani ndi laling'ono, tilikulitse tilipake zobiriwira. Ine mtima sukundivomera.

Mabvuto: Abwana onse anaphunzira sukulu imodzi. Vuto lililonse mankhwala ake ndi batani lobiriwira 😂

Kondwani: Musawaseke msanga. Batanilo ndi lalikulu bwanji? Google imalangiza kuti malo odina pa Android asachepere 48dp (dp ndi muyeso wa kukula pa sikirini), Apple imati 44 points. Lamulo la Fitts la mu 1954 limanena zomwezo, kuti chinthu chikachepa kapena kutalikira, chala chimachedwa kuchipeza. Ngati lili pansi pa pamenepo, abwana ali ndi mfundo.

Dalitso: Lili 56dp, ndipo likudzaza sikirini kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Ngakhale wa chala chachikulu sangaliphonye.

A Mbewe: Dalitso mphwanga, chithunzicho chiike pambali kaye. Tationetsa mizere yeniyeni ya log, ya munthu mmodzi yekha mwa amene funnel ikuti anagwa. Ndipo undiuze, funnel yako ikuwerenga chiyani? Anthu, ma session, kapena malipiro?

Dalitso: Ikuwerenga ma session, akulu. App ikatseguka imapanga session yatsopano. Nayi ya mmodzi, mayina ndachotsa:

u_0412 s_88a 08:14:03 sankha_membala
u_0412 s_88a 08:14:11 lemba_ndalama
u_0412 s_88a 08:14:19 tsegula_txn
u_0412 s_88a 08:14:22 app_background
u_0412 s_91c 08:15:40 app_start
u_0412 s_91c 08:15:47 sankha_membala
u_0412 s_91c 08:15:55 lemba_ndalama
u_0412 s_91c 08:16:31 lemba_txn
u_0412 s_91c 08:16:34 sunga_ok

A Mbewe: Eya, nkhani yonse ili pa mzere wachinayi ndi wachisanu. Munthuyu wafika pofunika nambala ya transaction, patangopita masekondi atatu watuluka mu app. Wapita kuti? Ku SMS, kukaona nambalayo, chifukwa palibe amene amaisunga m'mutu. Pobwerera log siikuti "wabwerera", ikuti app_start, session yatsopano, ndipo wayambiranso kusankha membala yemwe uja. Ntchito waimaliza ndithu. Koma funnel yako yawerenga ma session awiri, imodzi yagwa, ina yapambana. Theka lako lija ndi limeneli. Zili ngati kuona munthu watsika basi pa Kulima Tower kukakwera ina, iwe nkulemba kuti sanafike kwawo.

Mabvuto: Ndipo chopangitsa kuti iyambirenso ndikuchidziwa. Android imapha app imene ili kumbuyo ikafuna RAM, malo amene foni imasungamo zimene zikugwira ntchito nthawi imeneyo. Mafoni a Android Go aja a 1GB kapena 2GB, ukangotsegula Messages pomwe WhatsApp ndi Facebook zili mkati, app yako yapita. Iwe Dalitso ukuyesera pa foni yako ya RAM yambiri, sizingakuchitikire. Lowa mu Developer options uyatse "Don't keep activities", utsike pansi pang'ono uike background process limit pa zero, kenako uyese kulemba share imodzi. Ukwiya wekha. Ngati zomwe munthu walemba sukuzisunga mu SavedStateHandle, kamene kamasunga zolemba Android ikapha app, kapena mu database ya pa foni, zimauluka.

Dalitso: Ndayesa pompano. Zonse zafufutika, yandibwezera pa ndandanda wa mayina. Mayo.

Mabvuto: Takulandira ku Kanyama 😄

Tiyamike: Koma musathamangire kunena kuti vuto palibe chifukwa munthu wamaliza. Ntchito ya sekondi makumi atatu yamutengera mphindi ziwiri ndi theka, ndipo walemba chinthu chimodzi kawiri. Gulu la anthu makumi awiri likakhala pa mzere, msungichuma atuluka thukuta. ISO 9241-11, muyezo wa padziko lonse wa kuphweka kwa kugwiritsa ntchito chinthu, imayeza zinthu zitatu: kodi munthu wakwanitsa, wataya nthawi ndi mphamvu zochuluka bwanji, ndipo wakhutira. Funnel ya Dalitso inanama pa choyambacho, koma pa chachiwiri pali bala lenileni. Chachitatucho log siingakuuzeni ngakhale muijambule mokongola chotani.

A Mbewe: Zoona, Tiyamike. Ine chimene ndimadana nacho pa funnel ndi chakuti imaganiza kuti anthu amayenda mumzere umodzi kuchoka pamwamba kutsika pansi, wosabwerera, wosakhota. Aliyense wopatuka imamuika m'gulu la otayika. Dalitso, jambula Sankey. Mzere uliwonse umanenepa molingana ndi kuchuluka kwa anthu odutsa njirayo, ndiye umaona kumene anapita atachoka pa sitepe yachitatu: angati anatuluka nkubwerera, angati anadina kubwerera m'mbuyo, angati anazimiririka zenizeni. Chithunzichi si cha dzulo ayi. Dzinali ndi la Captain Sankey, amene mu 1898 anajambula motero kuonetsa kumene mphamvu ya injini ya nthunzi imatayikira, ndipo asanatero Charles Minard anali atajambula kale mu 1869 asilikali a Napoleon akupita ku Moscow, mzere ukuonda pamene anthu akufa m'njira. Plotly, chida chojambulira zithunzi za data, ili nayo, mizere yochepa ya Python yakwana. Chimodzi chokha, Sankey siikonda njira zozungulira, ndiye ulembe masitepe ndi nambala yake: choyamba chimene anachita, chachiwiri, chachitatu, kuti kubwerera kuoneke ngati kupita patsogolo.

Kondwani: A Mbewe, kodi zimenezi si zomwe amazitcha process mining, kufufuza mu log mmene ntchito imayendera? Tinazikhudzako ku yunivesite ya UNZA, ntchito za Wil van der Aalst. Ankati log ikhale ndi zinthu zitatu, case ID, activity ndi timestamp, kutanthauza nambala ya ulendo umodzi umene ukuutsata, chimene chachitika ndi nthawi yake.

A Mbewe: Ndi zomwezo. Ndipo mutu wonse umawawira posankha case ID. Dalitso anasankha session, pomwe chimene akufuna kudziwa ndi ulendo wa malipiro amodzi. Case yake ikhale msungichuma uyu, membala uyu, tsiku ili. Ukasankha molakwika pamenepo, kaya ugwiritse chida monga ProM, Disco, PM4Py kapena Excel, chithunzi chituluka chaukhondo koma chabodza.

Dalitso: Pali chinanso chikundizunguza. Ndinajambula heatmap, chithunzi chimene chimafiira pamene anthu achuluka, masiku a sabata mbali ina, maola mbali ina. Lamlungu pakufiira kwambiri cha m'ma 12 mpaka 14 hours, ndiye palinso kachigamba kena usiku cha m'ma 19 ndi 20 pafupifupi tsiku lililonse.

Amai Sakala: Pepani ndilowelepo ana anga, ine za ma code sindizidziwa, ntchito yanga ndi kuphunzitsa magulu. Koma 12 hours Lamlungu? Nthawi imeneyo amai ambiri akadali kutchalitchi kapena akuphika. Magulu anga amakumana kuyambira 14 hours, ena 15, mpaka dzuwa kupendeka.

Mabvuto: Seva yako ili pa UTC, nthawi ya padziko lonse ija, Dalitso. Lusaka ili patsogolo ndi maola awiri. 12 yakoyo ndi 14 ya Amai Sakala. Ndipo 08:14 ya log ija inali 10:14 kuno.

Dalitso: Ndasintha kupita ku Africa/Lusaka, zagwirizana ndi zomwe Amai anena. Ndiye kachigamba ka usiku kasunthira ku 21 ndi 22 hours. Anthu akulemba ndalama usiku choncho?

Mabvuto: Funso: nthawi imene ukujambulayo ndi ya pamene munthu anadina, kapena pamene uthenga unafika pa seva? App ikakhala yopanda netiweki imaunjika ma event, mizere ya log ija, pa foni. Munthu akagula bundle madzulo, kapena magetsi akabwera nkutchaja foni, zonse zimakhuthukira pa seva nthawi imodzi. Ukaona ma event makumi asanu a munthu mmodzi onse ali pa sekondi imodzi, dziwa kuti ndi zimenezo. Sunga nthawi ziwiri, ya foni ndi ya seva. Ya foni usaikhulupirire yokha chifukwa mawotchi a mafoni ena ndi osokonekera, batire ikatha amabwerera zaka za m'mbuyo. Potumiza, foni inenenso kuti panopa wotchi yake ikuti bwanji, ndiye kusiyana kwake ndi seva ukonzere nako zonse.

Amai Sakala: Mwina ndi zimenezo, koma enanso amalembadi usiku. Pamsonkhano amalemba m'buku la hardcover lija, chifukwa ndi limene mamembala amasainira ndipo ndi limene amalikhulupirira. Akafika kunyumba, ana atagona, ndiye amakhala ndi buku ndi foni nkumalowetsa. Ena amapatsa mwana wawo wa sekondale kuti awalowetsere. Ndiye amene mukuti user mmodziyo nthawi zina ndi anthu awiri, masana amai, usiku mtsikana wa Grade 11 wa zala zothamanga.

Tiyamike: Amai, mwatipatsa chinthu chachikulu apa. Dalitso, ngati wawerengera avareji ya nthawi yomalizira ntchito, itaye. Jambula histogram, chithunzi choonetsa kuti ndi angati atenga nthawi yochuluka bwanji. Ndikuganiza kuti upeza nsonga ziwiri, ya olemba mofulumira akukopera m'buku, ndi ya olemba pamsonkhano akudikira membala afufuze SMS. Avareji igwera pakati pomwe palibe munthu. Ndipo mmodzi akasiya foni yotsegula kupita kukasonkhezera moto, avareji yonse yakokeka. Gwiritsa ntchito median, nthawi ya munthu wapakati ukawandandalika onse, uonenso amene ali kumchira, ochedwetsetsa aja.

Amai Sakala: Chinanso ndiwonjezere. Membala akafunsa kuti "zanga zafika zingati?", asungichuma ambiri sapita ku malipoti kuja, amati nkutali. Amadina ngati akufuna kulemba share, chifukwa pa sikirini yolemba ndalama pamwamba pake pamaoneka zonse zimene munthuyo wasonkha. Akaona, amabwerera, nkusankha wina. Ndinawaona akuchita zimenezi gulu lonse, mmodzimmodzi.

A Mbewe: Wamva, Dalitso? Amenewo funnel yako inawalemba kuti alephera, pomwe apeza chimene amafuna m'masekondi asanu. Pa Sankey aoneka ngati mzere wonenepa wochoka pa lemba_ndalama kubwerera pa sankha_membala popanda kulemba kalikonse. Ukanauona wekha ukanati sikiriniyo ikusokoneza anthu. Log imaonetsa pamene phazi linaponda, chimene munthu amakafuna kumeneko umafunsa amene analipo.

Kondwani: Bwanji osangoika Microsoft Clarity? Ndi yaulere, ili ndi SDK ya Android, code yongoika mu app, imajambula session yonse ngati kanema, imaonetsanso ma rage click ndi ma dead click, pamene munthu wadinadina mokwiya kapena wadina posachitika kanthu. Mukanaona zonsezi tsiku loyamba popanda kuvutitsa Amai.

Mabvuto: Kanema wa sikirini imene pali mayina a anthu, manambala a foni, ngongole zawo ndi amene sanabweze? Iwe Kondwani ukufuna Dalitso akagone ku ndende ya Chimbokaila?

Kondwani: Imabisa zolemba ukaiuza. Masking ilipo.

A Mbewe: Ilipo, koma pali zambiri zoganizira. Data Protection Act No. 3 ya 2021 imafuna kuti munthu adziwe zimene ukutolera ndi cholinga chake, ndipo usatolere zopitirira cholingacho. Lamulo lomwelo limakambanso zoti data ya anthu isungidwe pa seva za m'dziko muno, ndiye usanatumize kalikonse kunja ukhale pansi ndi wodziwa malamulo. Komanso ganizira kuti mamembala a gulu sanatsegulepo app yako, sanadine "Ndavomera" paliponse, mayina awo analowetsedwa ndi msungichuma. Ngati ukufuna zida zokonzeka kale, Matomo ndi PostHog ukhoza kuziika pa seva yako. Koma pa funso la Dalitso, mizere isanu ndi inayi ija yayankha popanda kanema.

Tiyamike: Osaiwala kuti kanemayo amadya bundle ya msungichuma, osati yathu. Akaona data ikutha msanga, app imachotsedwa tsiku lomwelo.

Mabvuto: Ndikadali pompo, Dalitso, u_0412 ija wachita bwino ngati ili nambala yongopeka. Ndaonapo anthu akupanga hash ya nambala ya foni, kuisandutsa zilembo zosokonezeka ndi masamu, nkumati abisa. Manambala a foni a ku Zambia ali ndi ma digit khumi, oyamba ake odziwika kale, laputopu wamba ikhoza kuyesa onse nkupeza mwini wake. ID ikhale ya chisawawa, tebulo lolumikiza likhale kwina lokhoma. Ndipo mu log usalembe ndalama yeniyeni, lemba kuti bokosi ladzazidwa basi.

Dalitso: Ndi UUID yofupikitsidwa, nambala ya chisawawa, zili bwino. Ndalama sindilemba. Zikomo nonse, ndikagwire ntchito.

Lachinayi

Dalitso: Ndabwera ndi zotsatira. Ndalumikiza ma event potengera msungichuma, membala ndi tsiku monga ananenera a Mbewe. Ambiri mwa amene ndimati agwa amamaliza. Pa Sankey pali mizere itatu yochoka panjira. Waukulu ndi wa otuluka kupita ku SMS nkuyambiranso, ndipo nditaugawa potengera mtundu wa foni, pafupifupi onse ndi a mafoni a RAM yochepa. Wachiwiri ndi wa Amai Sakala, oona balansi nkubwerera. Wachitatu ndi woonda koma ukundidetsa nkhawa: amalemba nambala ya transaction, app ikukana, amalembanso, ikukananso, kachitatu amatseka osabwereranso tsiku limenelo. Histogram yatulukadi ndi nsonga ziwiri, Tiyamike.

Tiyamike: Wachitatuwo ndiwo ofunika kuwathamangira. Ikukana chifukwa chiyani? Log ikunena?

Dalitso: Ikungoti txn_error. Sinalembe chifukwa.

Mabvuto: Onjezera chifukwa, osati nambala yeniyeniyo koma mtundu wa cholakwa: yafupika, yatalika, ili ndi mpata, inalembedwapo kale. Ine ndikubetcha ndi zilembo zofanana, O ndi 0, I ndi 1, kapena kadontho kamene kali mkati mwa nambala za makampani ena. Kiyibodi imaikanso mpata yokha kumapeto munthu akasankha mawu amene yamupatsa.

Amai Sakala: Kawirikawiri SMS imakhala pa foni ya membala, kafoni ka mabatani kosweka galasi, iye akuwerenga mokweza, msungichuma akulemba, pambali ana akulira, wailesi ya oyandikana nawo ili pamwamba. B ndi D zimamveka chimodzimodzi. Akakanidwa katatu amati "tidzalowetsa kunyumba", nkulemba m'buku, ndipo kunyumbako SMS ija kulibe.

Kondwani: Nanga app ikanangowerenga SMS yokha nkudzaza nambalayo?

Mabvuto: Kuyambira 2019 Google Play inakhwimitsa chilolezo chowerenga SMS. Ngati app yako si imene munthu waisankha kukhala yotumizira mauthenga, kapena siili pa mitundu yochepa imene amalola, amaikana. Ndipo wamva Amai, uthengawo nthawi zambiri uli pa foni ina. Chotheka ndi batani la Paste, munthu akopere SMS yonse, app isankhemo nambala yokha.

Tiyamike: Kapena mungofuna zilembo zinayi kapena zisanu zomaliza. Pamodzi ndi dzina, tsiku ndi ndalama, zikwana kuzindikira malipiro.

Amai Sakala: Apo ndiye ndikukayika mwana wanga. Nambala yonse ija ndi imene imathetsa mikangano pa share-out, pogawana ndalama, mu December. Wina akati ndinatumiza, wina akati sizinafike, timatenga nambala yonse kupita nayo kwa agent kapena kuimbira kampani. Mukaidula, tsiku la mkangano mudzakhala kulibe, ndidzakhalapo ndine.

Tiyamike: Ndamva Amai. Ndiye app ilole kusunga share ngakhale nambala isanakwane, iikepo chizindikiro chakuti yatsala, msungichuma adzamalize akapeza mpata. Ntchito isaime chifukwa cha bokosi limodzi.

A Mbewe: Zimenezo zikhoza kugwira, koma muike event yake kuti mudzaone ngati "adzamaliza" amamalizadi, apo ayi pofika December mudzakhala ndi mulu wa zotsala. Chinanso Dalitso, pali anthu amene sali pa Sankey yako konse. Msungichuma amene anaika app, nkuyesa kopanda netiweki, nkutopa nayo, nkuichotsa isanatumize kalikonse, mu log mulibe ngakhale mzere wake umodzi. Tenga ndandanda wa Amai Sakala wa onse amene anaphunzitsidwa, uyerekeze ndi amene akuoneka pa seva. Osowawo ndi amene ali ndi nkhani yowawa kwambiri.

Amai Sakala: Ndandanda ndili nawo. Ndipo ena ndikuwadziwa kale, anabwerera ku buku.

Tiyamike: Ine ndikuti tsopano nthawi yakwana yokakhala pansi ndi anthu. Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumavumbula mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito, pafupifupi 85 peresenti malinga ndi kawerengedwe kake ndi Tom Landauer. Anthu amatsutsana nayo nambalayo, ndipo iye mwini anati ngati muli ndi magulu osiyana a ogwiritsa ntchito muyese gulu lililonse palokha. Ife tili nawo awiri kale, olemba pamsonkhano ndi olemba usiku.

Mabvuto: Vuto la kuyang'anira munthu ndi lakuti amasintha. Akaona mlendo wa laputopu wachoka ku town, adina mosamala ngati ali pa mayeso, ukamufunsa akuti "ili bwino kwambiri, zikomo". Log siichita manyazi ndi munthu.

Tiyamike: Ndi chifukwa chake sufunsa kuti ili bwanji. Laputopu isiye. Ukhale kumbuyo pamsonkhano weniweni, utseke pakamwa, ulembe nthawi imene waona munthu wakakamira. Madzulo utsegule log ya msungichuma yemweyo uike pambali pa zolemba zako. Pamene log ikuti masekondi makumi anayi opanda kanthu, iwe udzakhala ukudziwa kuti amasakasaka magalasi kapena amabweza chenji.

A Mbewe: Ndipo upemphe chilolezo kwa gulu lonse, osati kwa msungichuma yekha. Ndi ndalama zawo zikuwerengedwa pamenepo.

Dalitso: Zamveka akulu. Kusunga zolemba app ikaphedwa ndakonza kale, zituluka mawa pamodzi ndi zifukwa za txn_error. Balansi ndiika pa ndandanda wa mayina pomwepo kuti asamalowe mkati. Za nambala yotsala ndidikira ndikaone ndekha. Amai, pali gulu limene lingatilandire Lamlungu lino?

Amai Sakala: La ku Chawama likumana 14 hours, ndiwafunsa atcheya madzulo ano ndikuuzani. Mubwere awiri okha, nyumbayo ndi yaing'ono. Balansi ija musanaiike poyera mundifunse, si onse amene amafuna kuti woyandikana naye aone zimene wasonkha.

Tiyamike: Ine ndipita naye. Dalitso, ubwereke foni ya 1GB, yako ija uisiye m'thumba.

Mabvuto: Ndili nayo ya itel mu drawa, batire yake imafuna power bank. Udutse pa ofesi mawa isanakwane 17 hours.